Dambo Mozimira Moto: Mbiri ya Namba 6

Inu acinyamata a ku Kafue, tiyeni tikumbutsane zimene zimacitika Loŵeruka masana magulu athu akasonkhana kuti aseŵere mpira. Kaya ndi ku Shikoswe, kaya ndi ku Zambia Compound, kaya ndi ku Estates, nkhani yake ndi imodzi. Thumba la majezi likangomasulidwa, manja onse amathamangira namba 9 ndi namba 10. Jezi ya namba 6 imatsalira pansi pa thumba, ndipo amaiponyera mnyamata amene wafika mocedwa, kapena uja wofatsa amene sadziŵa kulimbirana. Mpira ukatha timu yathu itagonja 4-3, tonse timaloza cala wapagolo. Palibe amene amafunsa kuti, kodi adani aja anali kudzera pati kuti afike pagolo pathu kanayi konse?

Anali kudzera pakati, pamalo a namba 6. Makolo athu anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Pa bwalo la mpira, dambo limenelo ndiye woseŵera amene amaima patsogolo pa ochinga kumbuyo, kuti moto uzime usanafike panyumba. M'nkhani ino tiona kumene malo ameneŵa anacokera, mmene asinthira m'zaka 100 zapitazi, ndi anthu amene anawagwira bwino, kunja ndi kwathu kuno. Mudzaona cinthu cimodzi cikubwerezabwereza. Woseŵera yemweyo, ndi miyendo yomweyo, akhoza kuoneka wopanda pake m'kaimidwe kena ka timu, nakhala ngwazi m'kaimidwe kena. Ngati ndinu mtsogoleri amene mumagaŵa majezi, kapena ndinu uja amene amakuponyerani jezi yotsala, nkhaniyi ndi yanu.

Lamulo la mu 1925

Malamulo a mpira umene timaseŵerawu analembedwa ku England mu 1863. Kwa zaka zambiri matimu anali kuima motere: aŵiri kumbuyo, atatu pakati, asanu kutsogolo, kapena kuti 2-3-5. Manambala a pamsana anacokera pa kaimidwe kameneka. Namba 2 ndi 3 anali ochinga kumbuyo. 4, 5 ndi 6 anali apakati. 7 mpaka 11 anali akutsogolo. Namba 5, amene anali pakatikati pa bwalo, ndiye anali mwini mpira. Anali kuulanda, kuugaŵa, ndi kupita kutsogolo kukathandiza kucinya.

Kodi anthu aŵiri okha anali kutha bwanji kuchinga asanu? Lamulo la ofusayidi linali kuwathandiza. Masiku amenewo wolandira mpira anayenera kukhala ndi adani atatu pakati pa iye ndi mzere wa golo. Cotero wochinga mmodzi akangosunthira kutsogolo, akutsogolo a timu ina anali kukodwa mumsampha. Zigoli zinasoŵa, ndipo oonerera anayamba kutopa. Mu 1925 lamulo linasinthidwa, adani aŵiri nakhala okwanira. Zotsatira zake sizinacedwe kuoneka. M'ligi yaikulu ya ku England munacinyidwa zigoli 1,192 m'nyengo ya 1924-25, koma m'nyengo yotsatira zinafika 1,703.

Mu Okutobala 1925 Arsenal inakwapulidwa 7-0 ndi Newcastle. Mphunzitsi wake, Herbert Chapman, pamodzi ndi woseŵera wamkulu Charlie Buchan, anagwirizana zobweza namba 5 kumbuyo kuti aziima pakati pa namba 2 ndi namba 3. Kaimidwe katsopanoka anakapatsa dzina lakuti WM, cifukwa munthu akayang'ana ali pamwamba, akutsogolo amaoneka ngati cilembo W ndipo akumbuyo ngati M. Tsono taonani cimene cinacitika. Nchito ya namba 5 inasinthiratu. Panafunika munthu wamtali, wodziŵa kumenya mpira ndi mutu, womvera, wosatengeka kupita kutsogolo. Chapman anampeza mwa Herbie Roberts, amene luso lake la mpira wa pansi linali lapakatikati. M'kaimidwe kakale Roberts akanakhala woseŵera wamba. M'kaimidwe katsopano anathandiza Arsenal kutenga ligi kangapo m'zaka za m'ma 1930.

Malo opanda mwini

Kaimidwe kalikonse kali ndi mpata wake, ndipo wocenjera amaupeza. Pa 25 Novembala 1953 Hungary inafika pa bwalo la Wembley ku London. Namba 9 wawo, Nándor Hidegkuti, sanaime kutsogolo monga mwa cizoloŵezi. Anali kubwerera pakati kukatenga mpira. Namba 5 wa England, Harry Johnston, anaphunzitsidwa kusamala namba 9, koma tsiku limenelo anasoŵa cocita. Akamtsatira, kumbuyo kunali kutsala pululu, ndipo Ferenc Puskás ndi Sándor Kocsis anali kuloŵa. Akapanda kumtsatira, Hidegkuti anali kuseŵera momasuka. England inagonja 6-3 pakwawo, Hidegkuti yekha atacinya zitatu. Johnston sanali woseŵera woipa ayi. Vuto linali lakuti pakati pa ochinga kumbuyo ndi apakati panali malo opanda mwini.

Matimu anayamba kufunafuna mwini wa malowo. Brazil inatenga Cikho ca Dziko Lonse mu 1958 ndi 4-2-4, anayi kumbuyo ndi aŵiri pakati. Dziko linatama Pelé ndi Garrincha, koma pakati panali Didi wogaŵa mpira ndi Zito wozima moto. Mu 1966 Alf Ramsey anaika Nobby Stiles, munthu wamfupi wa maso ofooka, patsogolo pa ochinga a England. M'ndime ya matimu anayi Stiles anamatirira Eusébio, mwana wa ku Mozambique amene anali kuseŵerera Portugal, ndiponso amene anacinya zigoli 9 pa mpikisanowo. Tsiku limenelo Eusébio anacinya kamodzi cabe, pa penate, ndipo England inapambana 2-1.

Dziŵani kuti Stiles anavala namba 4, pamene namba 6 ya England inali pamsana pa Bobby Moore, wochinga kumbuyo. Ku Brazil ndi ku Argentina wozima moto amavala namba 5. Ife kuno timati namba 6. Namba ndi dzina cabe, cacikulu ndi nchito imene munthuyo akugwira.

Oima kuseri kwa mzere

Pano tiyeni tipatuke pang'ono, tikaone maseŵera ena kumene nkhani yomweyi imaoneka poyera kwambiri. Ku America kuli maseŵera amene iwo amati football, ngakhale kuti mpira wake ndi wosongoka uku ndi uku ndipo amaunyamula m'manja. Ena a inu munawaonapo pa wailesi ya kanema, anthu ovala zisoti zolimba akugundana ngati atonde. Timu iliyonse imakhala ndi oseŵera 11 m'bwalo. Imene ili ndi mpira imapatsidwa mwaŵi kanayi kuti isunthe mayadi 10, pothamanga nawo mpirawo kapena pouponya kutsogolo. Timu yochinga imaima m'mizere itatu. Kutsogolo kumakhala zimphona, kumbuyo kumakhala aliŵiro, ndipo pakati pawo pamakhala anthu amene amawacha ma-linebacker, ndiko kuti oima kuseri kwa mzere. Ameneŵa ndiwo namba 6 a maseŵera aja. Ayenera kuzindikira msanga cimene adani akufuna kucita, kugwetsa wothamanga ndi mpira, kutsatira wofuna kuŵakha mpira woponyedwa, ndipo nthaŵi zina kuthamangira woponyayo asanauponye.

Munthu mmodzi sangathe bwino zonsezi, n'cifukwa cake makonzedwe amasiyana. Mu 4-3 zimphona zimakhala zinayi ndipo ma-linebacker atatu. Kakonzedwe kameneka kanakula m'manja mwa Tom Landry, amene anali kuphunzitsa ochinga a New York Giants m'zaka za m'ma 1950. Mu 1956 kunabwera mnyamata dzina lake Sam Huff, amene ku koleji anali kuseŵera pamzere wa zimphona. Pa Giants malo omuyenera anasoŵa, ndipo anatsala pang'ono kubwerera kwawo. Landry anamcotsa pamzere namuika pakati, kuseri kwa zimphona zinayi, kuti izo zizimchingira adani, iye azithamangira kulikonse kumene mpira wapita. Caka comweco Giants inatenga ukatswiri wa ligi, ndipo Huff anakhala mmodzi wa ochinga ochuka koposa m'nthaŵi yake.

Mu 3-4 zimphona zimakhala zitatu ndipo ma-linebacker anayi. Aŵiri a pakati ayenera kukhala olemera ndi osaopa kugundana, pakuti zimphona zowachingira zacepa. Aŵiri a m'mbali nchito yawo yaikulu ndi kusaka woponya mpira. Pamalo ameneŵa Giants inaika Lawrence Taylor mu 1981. Liŵiro lake ndi mphamvu zake zinakakamiza matimu ena kusintha kachingidwe ka woponya mpira wawo, ndipo mu 1986 anasankhidwa kukhala woseŵera wopambana m'ligi yonse, ulemu umene kaŵirikaŵiri umapita kwa oponya ndi othamanga ndi mpira.

Kenaka mu 1996 Tony Dungy ndi Monte Kiffin anakonza kachingidwe ka timu ya Tampa Bay, kamene kanadziŵika ndi dzina lakuti Tampa 2. Kameneka kanafuna liŵiro koposa thupi. Wa pakati anayenera kuthamangira kumbuyo kukatseka mpata mpira ukaponyedwa, ndipo wa kumbali anayenera kusesa dera lalikulu. Derrick Brooks, amene ambiri anati ndi wocepa thupi, anakwanira pamenepo ngati mpini m'khasu. Anasankhidwa kukhala wochinga wopambana wa nyengo ya 2002, ndipo mu Januwale 2003 Tampa Bay inatenga Super Bowl. Mukanamuika Brooks pakati pa 3-4 kuti azingogundana ndi zimphona, mphatso yake ikanakwiririka. Mukanamuuza Taylor kuti azingobwerera kumbuyo kukadikira mpira woponyedwa, mukanakhala ngati mwamanga galu wosaka pamtengo tsiku la uzimba.

Kucokera ku Cairo kufika ku Tunis

Tibwerere kwathu. Mpira unafalikira m'dziko muno kudzera m'migodi, m'sukulu za mishoni ndi m'matauni a m'mbali mwa njanji, ndipo ligi ya dziko lonse inayamba mu 1962. Kuyambira kale ife timakonda ocinya. Agogo anu adzakuuzani za Godfrey "Ucar" Chitalu wa Kabwe Warriors ndi zigoli zake 107 za mu 1972. Koma afunseni kuti timu ya dziko inafika bwanji m'ndime yomaliza ya Cikho ca Africa mu 1974 ku Egypt, ndipo mudzamva maina enanso: Emmanuel Mwape pagolo, kaputeni Dickson Makwaza ndi Dick Chama kumbuyo, Boniface Simutowe ndi Jani Simulambo pakati. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mphunzitsi wawo anali a Ante Buselic a ku Yugoslavia, amene anatenga timuyo mu 1971. Ku Cairo tinafanana mphamvu ndi Zaire 2-2, ndipo pobwereza patapita masiku aŵiri tinagonja 2-0. Zigoli zonse zinayi za Zaire zinacinyidwa ndi munthu mmodzi, Ndaye Mulamba. Moto umodzi umene sitinathe kuuzima unatimana cikho.

Pa 19 Seputembala 1988, pa maseŵera a Olimpiki ku South Korea, Zambia inakwapula Italy 4-0. Aliyense amakumbukira zigoli zitatu za Kalusha Bwalya. Koma aphunzitsi a Samuel "Zoom" Ndhlovu anali ndi anthu pakati amene sanalole Ataliyana kupuma, monga Charles Musonda, wodziŵa kulanda mpira ndi kuugaŵa, Derby Makinka ndi Wisdom Chansa. Luso lawo linaoneka kutali, kotero kuti mu 1989 Makinka ndi Chansa, pamodzi ndi Pearson Mwanza, anapita kukaseŵerera Pamir Dushanbe m'ligi ya Soviet Union.

Usiku wa pa 27 Epulo 1993 ndege ya asilikali imene inanyamula timu yathu popita ku Senegal inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Libreville, ku Gabon. Anthu onse 30 anamwalira, 18 mwa iwo oseŵera. Makinka ndi Chansa anali m'gulumo, pamodzi ndi wapagolo Efford Chabala, ochinga monga John Soko, Whiteson Changwe, Samuel Chomba ndi Robert Watiyakeni, ndiponso aphunzitsi a Chitalu ndi a Alex Chola. Manda awo ali pafupi ndi bwalo la Independence ku Lusaka, ndipo gulu lanu likapita ku mzinda liyenera kukafikako.

Timu yatsopano inamangidwa m'miyezi yoŵerengeka, Kalusha ali kaputeni. Taŵerengani zimene inacita ku Tunisia mu 1994 pansi pa a Ian Porterfield: 0-0 ndi Sierra Leone, 1-0 ndi Ivory Coast, 1-0 ndi Senegal, 4-0 ndi Mali. Maseŵero anayi osalola cigoli ngakhale cimodzi. Pagolo panali James Phiri, ndipo patsogolo pake Elijah Litana ndi Harrison Chongo. M'ndime yomaliza Litana yemweyo anacinya ndi mutu mpira utangoyamba, koma Emmanuel Amunike anacinya ziŵiri, Nigeria nipambana 2-1. Timu imene inataya pafupifupi akatswiri ake onse inayamba kumanga kumbuyo, monga mmisiri amayamba ndi maziko, ndipo caka cisanathe inafika m'ndime yomaliza.

Mmodzi yekha, kapena aŵiri?

Mu 2003 Real Madrid inali ndi Zidane, Figo, Raúl ndi Ronaldo wa ku Brazil. Kumbuyo kwawo kunali Claude Makélélé, wobadwira ku Kinshasa, woseŵerera France. Iye analibe njomba ndipo zigoli zake zinali zoŵerengeka. Caka cimeneco timuyo inagula David Beckham, nigulitsa Makélélé ku Chelsea. Real Madrid sinatengenso ligi mpaka mu 2007. Ku Chelsea, José Mourinho anamuika yekha patsogolo pa ochinga anayi mu 4-3-3, kuti Frank Lampard azipita kutsogolo mtima uli m'malo. M'nyengo ya 2004-05 Chelsea inalola zigoli 15 cabe m'maseŵero 38, nitenga ligi imene inaisoŵa kwa zaka 50.

Namba 6 woima yekha ayenera kukhala wodziletsa kwambiri. Akangothamangira mpira ku mbali, pakati pamatseguka. Koma timu ikaika aŵiri pakati, nchito imagaŵika. Ndi mmene a Hervé Renard anacitira pa Cikho ca Africa ca mu 2012. M'ndime yomaliza, pa 12 Febuluwale ku Libreville, Chipolopolo inaima 4-4-2. Pakati panali Nathan Sinkala, mnyamata wa Green Buffaloes, ndi Isaac Chansa. Sinkala anali kukhala pafupi ndi Stoppila Sunzu ndi Hichani Himonde, pamene Chansa anali kunyamula mpira kupita nawo kutsogolo. A m'mbali, Rainford Kalaba ndi Chisamba Lungu, anali kubwerera kudzathandiza mpira ukatayika. Adani awo anali Yaya Touré, Cheick Tioté ndi Didier Zokora, anthu oseŵerera matimu akuluakulu a ku Ulaya.

Ŵerengani bwino mbiri ya mpikisanowo. Tinalola zigoli zitatu m'maseŵero aŵiri oyamba, ndi Senegal ndi Libya. Kenaka tinatseka khomo: 1-0 ndi Equatorial Guinea, 3-0 ndi Sudan, 1-0 ndi Ghana, ndi 0-0 ndi Ivory Coast kwa mphindi 120. Kennedy Mweene anagwira penate ya Asamoah Gyan wa Ghana, ndipo ya Didier Drogba inadutsa pamwamba pa golo. Pa mapenate tinapambana 8-7. Sinkala anacinya yake, ndipo yotsiriza inamenyedwa ndi wochinga kumbuyo, Sunzu, mumzinda womwewo umene anzawo a mu 1993 anatsirizira ulendo wawo. Mphoto ya woseŵera wopambana inapita kwa Christopher Katongo, ndipo inamuyenera. Koma cikho cija cinayambira pa khomo lotsekedwa.

Zimene zinacokera ku Kafue

Tauni yathu inakula ndi mafakitale, makamaka Nitrogen Chemicals of Zambia ndi Kafue Textiles, ndipo mpira unakula nawo pamodzi. Acikulire amakumbukira Nitrogen Stars ndi makamu a pa bwalo la Khosa. Mafakitale atafooka m'zaka za m'ma 1990, nchito zinasoŵa ndipo mpira wa m'makampani unavutika. Pambuyo pake Kafue Celtic inadziŵika ndi nchito yolera anyamata, ndipo aŵiri mwa iwo anachukitsa dzina la Kafue kutsidya kwa nyanja: Patson Daka, amene anakulira konkuno, ndi Enock Mwepu, amene anakulira ku Chambishi ku migodi.

Mu Malichi 2017 onse aŵiri anali m'timu ya osapyola zaka 20 ya a Beston Chambeshi, imene inatenga Cikho ca Africa pa bwalo la Heroes ku Lusaka pogonjetsa Senegal 2-0. Caka comweco anapita ku Austria, kumene anayambira ku Liefering nakwera ku Red Bull Salzburg. Mpira wa Salzburg unali wakuti mpira ukatayika, onse amauthamangira nthaŵi yomweyo, ndipo ukalandidwa umatumizidwa kutsogolo mosacedwa. Kaseŵeredwe kameneka kanamuyenera Daka ndi liŵiro lake, kotero kuti m'nyengo ya 2020-21 anacinya zigoli 27 m'ligi, kuposa wina aliyense. Mu 2021 anapita ku Leicester City, ndipo mu Okutobala caka cimeneco anacinya zinayi yekha polimbana ndi Spartak Moscow. Komabe m'ligi ya ku England, kumene timu yake kaŵirikaŵiri inali kuseŵera ndi wakutsogolo mmodzi ndipo malowo anali a Jamie Vardy, zigoli zake sizinaculuke monga ku Austria. Munthu anali yemweyo, kaimidwe ka timu ndi adani ndiwo anasintha.

Mwepu, amene anthu anamucha "Computer" cifukwa ca kuganiza kwake msanga, anali wapakati wa mtundu wina. Sanali wokhala pamodzi monga Makélélé. Anali namba 8, woyenda bwalo lonse, wolanda mpira pafupi ndi golo lake nakaonekanso pafupi ndi golo la adani. Mu 2021 anapita ku Brighton, ndipo pa 30 Okutobala anacinya cigoli ca patali pa bwalo la Anfield, Brighton nifanana mphamvu ndi Liverpool 2-2. Pa 10 Okutobala 2022, ali ndi zaka 24, analeka kuseŵera cifukwa madokotala anapeza kuti ali ndi matenda a mtima obadwa nawo. Cinali cisoni, koma kupimidwako kunateteza moyo wake. Inunso, mnzanu akakomoka pabwalo, akamva kuŵaŵa m'cifuŵa kapena kubanika modabwitsa, musamuseke kuti ndi waulesi. Mperekezeni ku cipatala.

Atsikana, nkhaniyi ndi yanunso. Pa Olimpiki ya ku Japan mu 2021, Barbra Banda anacinya zitatu polimbana ndi Netherlands, nacinyanso zitatu polimbana ndi China. Koma maseŵero oyambawo Copper Queens inagonja 10-3, ndipo aciŵiri anatha 4-4. Ngati zigoli zisanu ndi cimodzi za katswiri mmodzi sizinabweretse cipambano, ndiye kuti dziko lathu likufunanso atsikana amene adzakonda jezi ya namba 6.

Kodi inu ndinu wa mtundu uti?

Mbiri imene taŵerengayi ikutionetsa apakati a mitundu inayi. Pali wokhala pakhomo, monga Makélélé ndi Sinkala, amene amaona kumene mpira udzadzere naimako usanafike. Pali womatirira, monga Stiles, amene mungamuuze kuti munthu uyo asapume lero. Pali woyenda bwalo lonse, monga Mwepu. Ndipo pali wogaŵa, monga Didi, amene mpira ukafika pa phazi lake timu yonse imapuma. Woyamba afunika maso ndi kudziletsa, waciŵiri khama, wacitatu mapapo ndi nzeru, wacinayi kudekha.

Inu atsogoleri, musayambe ndi kusankha kaimidwe kamene munaona pa kanema, kenaka n'kukakamiza anyamata kuti akwaniremo. Yambani ndi kuyang'ana amene muli nawo. Pa maseŵero oyeserera, lekani kutsatira mpira kwa mphindi khumi, muyang'ane zimene aliyense amacita mpira ukatayika. Mudzaona wina amene amabwerera kumbuyo osauzidwa, akuloza anzake poima. Ameneyo ndiye namba 6 wanu, ngakhale akhale wamfupi kapena wopanda njomba. Ngati ali wodziletsa, akhoza kuima yekha ndipo mungaike atatu pakati. Ngati muli ndi aŵiri okonda kuthamanga, aikeni pamodzi ndi lamulo limodzi, lakuti wina akapita, wina atsale. Ngati ochinga anu ali ocedwa kutembenuka, musawakankhire pakati pa bwalo, ndipo namba 6 asatalikirane nawo. Mnyamata amene mukuti sadziŵa mpira mwina ndi Sam Huff wanu, amene akudikira cabe kuti wina amuonetse malo ake.

Ndipo inu amene amakuponyerani jezi yotsala, musaivale mokhumudwa. Phunzirani kuyang'ana kumbuyo kwa phewa lanu mpira usanakufikeni. Phunzirani kulanda mpira muli ciimire, pakuti wodzigwetsa pansi akaphonya, timu yake imatsala ndi anthu 10. Patsirani pafupi, lankhulani ndi anzanu, ndipo musakwiye msanga, cifukwa namba 6 wopsa mtima amakoleza moto umene anatumidwa kuzima. Ocemerera mwina sadzaimba dzina lanu. Koma wapagolo wanu adzalidziŵa, ndipo mphunzitsi wodziŵa mpira akadzaima m'mbali mwa bwalo, adzayamba kufunsa za inu.

Loŵeruka likudzali thumba likamasulidwa, tiyeni tione amene adzayamba kutambasula dzanja kutenga namba 6.

Mafunso okambirana pa gulu

1. Kodi lamulo la mu 1925 linasintha bwanji nchito ya namba 5, ndipo linathandiza oseŵera a mtundu wanji?

2. Sam Huff, Lawrence Taylor ndi Derrick Brooks onse anali ma-linebacker. Kodi anasiyana bwanji, ndipo n'cifukwa ciyani aliyense anafunika kakonzedwe kake?

3. Yerekezani timu ya Zambia ya mu 1994 ndi ya mu 2012. Kodi zikufanana pati?

4. M'timu ya gulu lanu, ndani amene mwina mwakhala mukumuika pamalo osamuyenera? Mudzamuyesa pati Loŵeruka likudzali?